Bwato lili pa chikwangwani, mwini bwato ali kunja kwa mpanda

Anzanga a kunyanja, kuyambira ku Malombe, Mpondasi, Namiasi, Makawa, Nkope, Malembo, Msaka, Chembe mpaka tsidya lija kwa Makanjira, ndi inu muli ku Joni. Uthengawu ndi wautali, ndiye amene muli pantchito usungeni mudzawerenge madzulo. Koma muwerenge mpaka pansi musanayambe kundiyankha ndi tinkhope toseka tija.

Nkhani yanga ndi ya zokopa alendo. Boma lililonse limene lalowa chizindikirireni ine limati Mangochi ndiye likulu la zokopa alendo m'dziko muno. A UDF ananena, a DPP ananena, a PP ananena, a Tonse anabwera ndi ATM yawo ija, ulimi, zokopa alendo ndi migodi. M'masomphenya a Malawi 2063 zilimonso. Choncho wina asandifunse kuti ndikulembera chipani chiti. Nsalu zimasintha mtundu, koma kaganizidwe ka ku Capital Hill pa za nyanja yathuyi n'kamodzimodzi: nyanja ndi katundu wogulitsa kunja, ndipo ife okhala m'mbali mwake ndife zokongoletsera chabe.

Tayang'anani zithunzi zimene amatsatsira dziko lino kunja. Dzuwa likulowa, madzi afiira, ndipo pakati penipeni pali munthu m'bwato, nkhafi ili m'manja. Munthu ameneyo ndi bambo anga, ndi bambo anu, ndi amalume anu aja amabwera m'mawa maso ali psuu atagona panyanja. Pachithunzipo alibe dzina. Pansi pake alembapo Warm Heart of Africa basi. Ngakhale dzina lija loti Lake of Stars, limene linafika potchulidwira chikondwerero cha zoimbaimba chimene chinayamba mu 2004 n'kudzachitikako kangapo konse ku Nkopola, nkhani imene amawafotokozera alendo ndi yoti David Livingstone anaona nyali za asodzi usiku zikuthwanima ngati nyenyezi pamadzi. Ndiye kuti dzina lenilenilo likuchokera pa ntchito ya asodzi. Siginala akayatsa nyali zake pa kauni, akutsatsa Malawi ulere, osadziwa.

Tsono munthu yemweyo, wa pachithunzi uja, ayerekeze kukocheza bwato lake kutsogolo kwa loji mwera utamukakamiza. Mlonda amatulukira ndi chibonga. Akuti mukuipitsa malo, alendo akudandaula fungo la usipa. Pa chikwangwani cha ku Berlin ndiwe chuma cha dziko, pamchenga wa kwanu ndiwe chinyalala. Apa ndi pamene pagona mkwiyo wanga wonse.

Kwerani minibasi pa Boma kupita ku Monkey Bay, muziyang'ana kudzanja lamanja. Muwerenge zikwangwani za ma loji ndi nyumba zopumuliramo za makampani, mabanki ndi mabwana a m'tauni. Kenako mutsike muyende wapansi m'mbali mwa madzi, muone kuti mutha kuyenda mtunda wautali bwanji musanakumane ndi waya, khoma kapena galu. Mipanda ina imachita kulowa m'madzi, ngati kuti mwini wake anagulanso mafunde. Midzi yapanikizika pakati pa msewu ndi mipanda, ndipo anthu mazanamazana akugwiritsa ntchito kampata kamodzi: pomwepo pochapa, pomwepo potsuka mbale, pomwepo posamba, pomwepo pokocheza maboti, pomwepo pomwetsa ng'ombe. Ndiye kukagwa matenda amati anthu a kunyanja ndi auve.

Kwathu kunali njira imene amayi anga ankadutsa ndi dengu la mbale pamutu, yolunjika padoko pamene bambo anga ankakokera bwato. Agogo anga anadutsa momwemo. Chaka china tinangoona anthu akuyeza ndi zingwe, chaka chotsatira khoma lakwera. Sinditchula dzina la malowo, eni mudzi akuwadziwa. Lero amayi omwewo, mawondo atayamba kale kuvuta, amazungulira ulendo wotenga nthawi yoti mphika wa nyemba n'kufika pobwadamuka, kuti akafike pamadzi amene amawaona ali pakhonde pawo. Matandala oyanikapo usipa tinasamutsa kawiri. Palibe anabwera kudzatifunsa. Titafunsa ife, yankho linali loti mapepala ali bwinobwino, anasainidwa.

Ndipo apa ndinene zoona, ngakhale ena zikuwawani. Malo ambiriwa sanalandidwe ndi mfuti. Anagulitsidwa ndi anthu athu omwe, mafumu ena ndi achibale ena, pa mtengo wa malata ochepa ndi njinga yamoto. Komanso eni ma loji ambiri si azungu ayi, ndi Amalawi anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena mwa iwo ndi omwe amakhala m'maofesi opanga malamulowo. Nanga khoswe akakhala pamkhate amapheka? Koma boma lilipo chifukwa cha zoterezi. Munthu wanjala amagulitsa chilichonse, n'chifukwa chake pamafunika lamulo lonena kuti izi zokha sizigulitsidwa, njira ya kumadzi ndi ya mudzi mpaka kalekale. Unduna umene uli ndi nthawi yoyendera ma loji n'kumawapatsa nyenyezi, ziwiri, zitatu, zinayi, ulibe nthawi yofunsa funso limodzi lokha: kodi khoma lanuli latseka njira ya anthu angati?

Wina asanditenge ngati wodana ndi alendo. Ife a kuno alendo tinawazolowera kale kuposa aliyense. Amishoni a Livingstonia anafikira ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, manda awo alipo mpaka lero. Mu 1949 ndege zotera pamadzi zochokera ku England zinkatera pa Cape Maclear pomwepa. Ilala yakhala ikunyamuka pa Monkey Bay kuyambira 1951. Anyamata ambiri a ku Chembe alipira sukulu ndi ndalama yoperekeza alendo ku Thumbi kukaona mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba. Ine ndemwe ndinagwirapo ntchito imeneyo zaka ziwiri, ndipo Chingerezi changa chenicheni ndinachiphunzirira m'boti, osati m'kalasi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, zimenezo n'zoona. Vuto langa lili ndi mwini nyumba amene amasesa pabalaza pokha, ana ake n'kuwatsekera kukhitchini kuti mlendo asawaone.

Tsopano tiyeni ku ndalama, poti ndi kumene nkhani imakomera.

Amene munagwirapo ntchito pa loji yolembetsedwa mukudziwa kuti pa bilu ya mlendo pamakhala kamsonkho ka 1 peresenti ka zokopa alendo. Kamaoneka kochepa, koma kamadulidwa pa chipinda chilichonse, usiku uliwonse, gombe lonseli kuchokera pa Boma mpaka ku Cape Maclear. Ndalama imeneyi imapita ku likulu, ku thumba lotsatsira malonda a zokopa alendo. Ntchito yake ndi monga kupita ku zionetsero zikuluzikulu za kunja, ITB ku Berlin mwezi wa March, Indaba ku Durban, World Travel Market ku London, kusindikiza timabuku tonyezimira, ndi kukonza chionetsero chathu chija cha Takulandirani chimene chinayamba mu 2017 ku BICC ku Lilongwe. Kutsatsa si kulakwa. Ngakhale mayi wogulitsa kanyenya pa Monkey Bay amaitanira. Koma mayi ameneyo amayamba watsuka chiwaya, nsomba n'kuikazinga bwino, kenako n'kuyamba kukuwa. Ife tikukuwa ku Berlin chiwaya chili chakuda.

Ndipo funso langa kwa akuluakulu a undunawu ndi losavuta. Pa ndalama ya kamsonkho kameneka, yochokera ku Mangochi ndi zingati pa chaka, ndipo yobwerera ku Mangochi ndi zingati? Azilembe pa pepala, azimate pa bolodi ya kwa DC pamene amamata zotsatira za mafunso a ntchito. Atiuzenso kuti pa ulendo umodzi wa ku Berlin pamapita anthu angati, matikiti ndi ma alawansi zimadya zingati, kuti tiyerekeze ndi mtengo wa chimbudzi chimodzi chabwino padoko la Msaka.

Chifukwa mlendo amene mwamukopa ku Berlin uja akafika kuno amapeza chiyani? Mu February 2024 boma linachotsa viza kwa anthu ochokera m'maiko 79. Chimenecho chinali chanzeru, ndiyamike. Koma munthu ankalowa mosavuta pa bwalo la ndege, kenako n'kukagona pamzere wa mafuta pa filing'i siteshoni, limodzi ndi ife ofuna petulo wa injini ya boti. Amapeza mapepala apulasitiki akuyandama pamene timabuku tinamulonjeza madzi oyera ngati galasi. Amapeza dokotala wa kwawo atamuchenjeza kale za likodzo. Ndipo likodzo limeneli lili ndi nkhani yake: akatswiri anapeza kuti ku Cape Maclear linakula pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokera kugombe. Nsomba zikatha, nkhono zimachuluka, ana athu amakodza magazi, mlendo amaopa kusambira. Mwaona mmene usodzi ndi zokopa alendo zilili chingwe chimodzi? Koma ku Lilongwe ndi maofesi awiri osiyana, aliyense ndi galimoto yake ndi msonkhano wake.

Kumbukirani kolera ya 2022 mpaka 2023. Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Anthu okhala m'mbali mwa nyanja yaikulu chonchi kumafa chifukwa chosowa madzi abwino akumwa! Ntchito ya madzi ya ku Nkhudzi Bay, imene Southern Region Water Board inkafuna kuti ifikitse madzi a m'mipopi m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Monkey Bay, inachedwa ndi milandu ndi mikangano chifukwa thanki inkamangidwa pa phiri la mkati mwa paki. Sindikunyoza oteteza chilengedwe, mfundo zina anali nazo. Chimene chinandipweteka n'choti phiri linapeza olilankhulira mpaka ku UNESCO, pamene mayi womwa madzi a pagombe lomwe ng'ombe zikumwera analibe womulembera kalata ndi mmodzi yemwe.

Nanga 2024, nyanja itakwera? Madzi analowa m'ma loji, m'mabala, m'zipinda zogona, ena mpaka anatseka. Eni ake analoza chala ku baraji ya ku Liwonde kuti ikusunga madzi dala chifukwa cha magetsi a pa Shire. A National Water Resources Authority anayankha kuti ambiri anamanga m'munsi mwa malire amene nyanja imafika ikadzaza. Bambo anga atamva pa wailesi anangoseka. Iwo amadziwa mtengo wa mkuyu umene madzi anafikapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo nkhalamba iliyonse ya kugombe ili ndi chizindikiro chake chotero. Akanafunsidwa akananena ulere. Koma ndani angafunse munthu wa pachithunzi? Ndipo amene anapereka zilolezo zomangira m'madzimo ndi boma lomwelo limene linkajambula ma loji omwewo n'kumakawaonetsa ku London. Ndiponso pamene nyuzi zinali kulira ma loji, nyumba za anthu wamba zinagwa, matandala anapita, minda ya m'dambo inamira. Zimenezo zinatenga mizere iwiri.

Ndifike pa chambo, chifukwa mlendo aliyense wofika kuno amafunsa chambo. Timabuku tonse timatchula chambo. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti chambo chenicheni chachikulu, chija bambo athu ankabwera nacho chodzaza bwato, lero n'chosowa, ndipo china chimene chikudyedwa m'mahotela n'choweta m'makola a a Maldeco kapena chochokera kunja. Ku Malombe anthu anachiiwala kale, kunatsala kambuzi. Pa 1 November nyanja imatsekedwa kwa a makoka kuti chambo chiswane, ndipo ife ana a asodzi timadziwa tanthauzo lake: miyezi ya njala, ngongole ya katapila, mwana kubwezedwa kusukulu. Timapirira poti tikudziwa kuti n'zothandiza. Koma usiku timamva injini za matrola zikukoka pafupi ndi gombe, m'madzi osaya mmene lamulo limaletsa, ndipo ukakanena ku ofesi amakuuza kuti boti loyendera lilibe mafuta. Boma limene likulephera kuthira mafuta m'boti limodzi loteteza chambo likukwanitsa kutumiza gulu la anthu ku Ulaya kukauza azungu kuti bwerani mudzadye chambo. Abale, izi n'zamutu?

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndisabise. Amene mukukoka ndi maneti a udzudzu, amene mukupha kasawala, mukudya mbewu. Koma ngakhale pamenepa yankho linapezeka kwa anthu, osati ku likulu. Ma BVC anayambira ku Malombe konkuno mu 1993. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo anthu amamvera, nsomba zikupezekabe. Anthu akapatsidwa mphamvu pa chinthu chimene akudziwa kuti n'chawo, amachisamala. Ukawalanda gombe n'kuwauza kuti samalani nyanja chifukwa cha alendo, akusamalira ndani?

Anyamata okonda mpira mumakonda kundiuza za Rwanda. Eti taonani anzathu, Visit Rwanda anaiika pa mkono wa jezi ya Arsenal mu 2018, ife tikugona. Chabwino. Koma mukamatchula jeziyo muzitchulanso mbali inayo. Rwanda imatenga gawo la ndalama zolowa m'mapaki ake n'kulibweza ku midzi yozungulira. Anayamba ndi 5 peresenti mu 2005, n'kukweza kufika pa 10 peresenti mu 2017, ndipo ndalamazo zimamanga makalasi, zipatala zing'onozing'ono ndi matanki a madzi. Mlendo amalipira madola 1,500 kuti akaone anyani akuluakulu aja, ndipo mlimi wa m'mphepete mwa phiri amadziwa kuti kena kake kafika kwa iye. Akuluakulu athu akapita kumeneko amabwerako atasirira jezi yokha.

Ndipo sitikusowa kupita ku Kigali kuti tikaphunzire. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, chifukwa cha mbuna zathu zija, nyanja ino pokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale inapezeka ili mkati mwa paki. Anthu analetsedwa kusodza mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi la zilumba, nkhuni zinayamba kutoledwa ndi chiphaso. Zinali zowawa. Koma pambuyo pake panabwera dongosolo loti gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za paki lizipita ku midzi kudzera m'bungwe la MASALAPA. Ndalama zake n'zochepa, zimachedwa, ndipo pali mafunso a kayendetsedwe kake amene a ku Chembe angafotokoze bwino kuposa ine. Koma mfundo yake boma linavomereza kale: amene wataya kanthu chifukwa cha alendo alandireko kanthu kuchokera kwa alendo. Nanga bwanji mfundo yomweyo imathera pageti la paki? Mudzi wa ku Namiasi kapena ku Nkope umene wataya gombe lake chifukwa cha ma loji wasiyana pati ndi wa ku Chembe umene unataya nkhuni?

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, ndazimva kambirimbiri. Akuti ma loji abweretsa ntchito. Inde abweretsa. Ulonda, kusesa mchenga, kuthirira kapinga, kuchapa zofunda, ndipo nyengo ya mvula alendo akachepa amakuuza kuti ukapume kaye, tidzakuitana. Mamanejala, ophika akuluakulu, owerengera ndalama, ambiri amachokera kutali. Sindikuwada, anaphunzira. Koma sukulu zikuluzikulu zophunzitsa ntchito za mahotela zili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, pamene boma lomwelo likuti likulu la zokopa alendo ndi Mangochi. Sukulu ya usodzi ili ku Mpwepwe chifukwa nsomba zili kuno. Nanga ya zokopa alendo inasochera bwanji? Mapeto ake mnyamata wa kwa Mponda kapena kwa Chimwala amagulitsa mbuzi za mayi ake, n'kukwera basi ya ku Joni, kukaperekera zakudya m'malesitilanti a ku Cape Town ndi Durban. Amene muli kumeneko mukuwerenga pano, ndikunama? Mukutumikira alendo a dziko la eni, kwanu kuli nyanja imene alendo omwewo amailota.

Akutinso mukavuta kwambiri, oika ndalama athawa. Athawira kuti? Nyanja ya Malawi ili ku Malawi, mbuna sizisamuka. Ndipo mwini loji wanzeru amadziwa kuti mudzi wokwiya ndi woopsa kuposa njira ya mamita atatu m'mbali mwa khoma lake. Alipo eni ma loji ena, makamaka ku Cape Maclear, amene anasiya gombe lotseguka, amayi akuchapa apa, mlendo akuwerenga buku apo, ana akusewera pakati. Alendo ake sathawa, ena amachita kubwerera chaka ndi chaka chifukwa cha zomwezo. Munthu wochokera ku Germany sanawoloke nyanja zamchere kudzaona khoma, makoma ali nawo kwawo.

Pali mawu ena aja unduna unabwera nawo, akuti Tidziyamba ndife Amalawi. Okoma kumva. Koma tiyambire pati? Pa 15 October, tsiku la anakubala, onani mmene malole ndi mabasi amakhuthukira kuno kuchokera ku Zomba, Balaka, Blantyre. Anthu amafuna nyanja yawo. Akafika amapeza kuti pofikira madzi pabwino m'polipira pageti, ndipo osakwanitsa amakaunjikana pa timipata topanda chimbudzi, topanda wopulumutsa anthu m'madzi, ndipo si kamodzi tamva kuti wina wamira pa tsiku limeneli. Boma la Mangochi, ndi gombe lalitali chonchi, likanayenera kukhala ndi magombe a anthu onse osamalidwa bwino, oyendetsedwa ndi khonsolo pamodzi ndi mudzi, okhala ndi zimbudzi, mthunzi, malo a amayi ogulitsa nsomba yokazinga, ndi anyamata odziwa kusambira olembedwa ntchito yoyang'anira anthu. Amene amadziwa madzi kuposa mwana wa msodzi ndani? Ndalama yomangira zimenezi ndi yomwe ija ya 1 peresenti. Theka lokha litatsala kuno, m'zaka zisanu gombe lino likhoza kusintha moti alendo angamatitsatse okha pa Facebook ndi pa TikTok, popanda munthu kukwera ndege ya ku Berlin.

Za bwalo la ndege la Mangochi sinditaya nazo nthawi, talonjezedwa kokwanira, chimodzimodzi hotela ya nyenyezi zisanu ku Cape Maclear. A kwa Makanjira anayamba kulonjezedwa msewu wa tara ena a inu musanabadwe. Chimene ndinganene n'chimodzi: bwalo limenelo likadzabwera lamulo la njira za kugombe lisanakhazikike, mtengo wa malo udzakwera kakhumi, ndipo timipata tatsalati tidzatsekedwa chaka chimodzi. Musamaombere m'manja chinthu chimene chidzakusamutseni.

Ndiye ine pempho langa kwa aphungu athu, makhansala ndi mafumu, a Nankumba, a Mponda ndi ena onse a m'mbali mwa nyanja, ndi ili. Chilolezo cha loji chisamaperekedwe kapena kuwonjezeredwa ngati malowo atseka njira ya mudzi yopita kumadzi. Madoko a asodzi ndi malo a matandala alembedwe m'kaundula ngati malo a mudzi wonse, osagulitsika, ngakhale mfumu itafuna. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi, tiyeni tiwagwiritse ntchito, ndipo achinyamata tilowemo m'makomitimo m'malo mongodandaula pa WhatsApp. Gawo la msonkho wa alendo litsale m'boma limene wasonkhedwa, ndipo chiwerengero chake chizimatidwa poyera. Anyamata operekeza alendo apatsidwe maphunziro ndi ziphaso konkuno pa mtengo woti angakwanitse, asiye kuthamangitsidwa ngati akuba pagombe pamene anabadwira.

Koma akuluakuluwa sasuntha ndi mawu okha, amafuna pepala. Ndiye tiyambe ndife, poti iwo omwe anati tidziyamba ndife. Mudzi uliwonse wa m'gulu lino, papezeke anthu awiri kapena atatu. Yendani gombe lanu kuchokera kumalire mpaka kumalire. Lembani njira zonse zopita kumadzi zimene zilipo lero, ndi zimene zinalipo kale koma zinatsekedwa, ndi chaka chimene zinatsekedwa ngati chikukumbukika. Jambulani ndi foni, koma muli panjira, osalowa m'malo a munthu, osakangana ndi mlonda, iyenso ndi mnzathu wongofuna ya ufa. Mayina a eni malo sitikuwafuna, tikufuna njira ndi madoko. Mukatero tumizani kwa ma admin a gulu lino, tiziphatikize, tikazipereke ku ADC ndi kwa khansala kuti zikalowe pa msonkhano wa khonsolo, kope lina kwa a BVC.

Atsikana musatsalire, njira zambiri zotsekedwazi ndi za kochapa ndi kotunga, mukuzidziwa ndinu kuposa ife. Amene muli ku Joni, imbirani agogo anu muwafunse mayina a madoko akale ndi pamene panali mikuyu ya malire, mulembe mutitumizire. Yambani ndi nkhalamba zimene zadwalika.

Tumizani ku magulu ena a kunyanja.